Thandizeni: ndingapeze bwanji pulofesa wondiyang'anira pa PhD kuno ku Johannesburg?

Moni nonse akuluakulu a m'gulu muno, makamaka inu amene mukuphunzitsa m'mayunivesite a kuno ku Joni.

Ndili ndi Master's ya zachuma yochokera ku University of Malawi ku Zomba, ndipo SAQA, bungwe lounika satifiketi za maphunziro kuno ku South Africa, inaiika pa NQF level 9, womwe ndi mlingo wa Master's pa ndondomeko ya maphunziro ya kuno. Khumbo langa ndi kuchita PhD kuti ndidzakhale mphunzitsi wa pa yunivesite. Ndikufuna kufufuza za ndalama zimene Amalawi ogwira ntchito kuno amatumiza kumudzi, monga amayi aja amene amaima pamzere mwezi ukatha atagwira pasipoti m'manja. Koma wondiyang'anira akusowa.

Ndawerenga mbiri za aphunzitsi pa masamba a mayunivesite angapo. Ndinalembera ena maimelo pamodzi ndi proposal yanga (chikalata chofotokoza kafukufuku amene ndikufuna kuchita). Ambiri sanayankhe, ndipo mmodzi anandiyankha mwaulemu kuti ophunzira amukwanira kale.

Chimene chandizunguza mutu ndi ichi: amene alemba kwambiri za anthu osamuka, monga a ku African Centre for Migration & Society ku yunivesite ya Wits, ambiri maphunziro awo ndi a za chikhalidwe cha anthu kapena ndale. Ine zanga ndi za manambala, ndipo sindikufuna kuzitaya.

Kodi ndizotheka kukhala ndi ondiyang'anira awiri ochokera m'madipatimenti osiyana? Nanga PhD yotereyi siingadzandivute pofunsira ntchito yophunzitsa zachuma, kuno kapena kwathu? Komanso ndiyambe ndasindikiza kaye pepala m'journal (magazini ya akatswiri ofufuza) ndisanalemberenso wina?

Amene munadutsamo, chonde ndiunikireni.