Thandizeni: routine ya fani ndi nyale ikumaima intaneti ikathawa

Abale ndi alongo, ndili ku Moatize kuno ndipo ndikupempha nzeru. Ndinaika ma smart plug (mapulagi olumikizika pa WiFi) pa fani ya kuchipinda ndi pa nyale ya pakhonde, kenaka ndinakonza routine yoti ndikanena "boa noite" nyale izime, fani iyake. Kachipangizo kolandira mawuka sikamva Chichewa, ndiye timangolankhula nako Chipwitikizi, agogo amangotiseka.

Vuto ndi ili: magetsi akangophethira, rauta imachedwa kudzuka, ndipo mapulagi amakhala osalumikizika mpaka nditawazula n'kuwabwezera. Bando ikatha ndiye zonse zii, chifukwa mawu amayenera kukafika kaye pa intaneti. Ndi kutentha kwa mu Okutobala kuno, kugona fani itazima ndi chilango chenicheni.

Rauta ndinaiika kale pa WiFi ya 2.4 GHz, poti mapulagiwa sagwira pa 5 GHz. Ndamva kuti pulogalamu ya Home Assistant pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, pamodzi ndi zipangizo za Zigbee (zolumikizana popanda WiFi), imayendetsa zinthu m'nyumba momwemo popanda intaneti. Alipo amene anayesapo? Nanga mawu imamvabe? Kapena ka UPS (batire yothandiza magetsi akazima) kakang'ono ka rauta yokha kangathandize, osaononga ma meticais ambiri? Amene munagula ku Tete kapena ku Lilongwe, mundiuze mtengo wake chonde.