Nanga sub akaiwala ntchito mumatani?

Abale ndithandizeni maganizo. Ine ndi amuna anga tinagwirizana tokha kuti ine ndikhale Dom (wolamula) iwo sub (womvera), tonse ndife akuluakulu palibe wokakamizidwa. M'mawa ndimawalembera ntchito pa WhatsApp, kutsuka mbale, kuchapa, kunditumizira meseji akafika kuntchito, koma vuto limabwera akaiwala. Sabata yatha ndinawalanda foni usiku wonse ndiye anakhumudwa zenizeni osati zamasewera, mpaka anatchula safe word yathu (mawu omwe tinagwirizana kuti akatchulidwa tisiye zonse), ine nkusiya pompo, ndipo ndinadzimvera chisoni bwanji. Enanu mumalemberatu chilango cha ntchito iliyonse kapena mumakambirana zikachitika? Nanga akalephera chifukwa chotopa, kapena madzi asiya kumpope, mumawerengabe ngati mlandu? Zomenyana ayi sitifuna, zofewa basi ngati kulemba mizere.