Injini ikuzima ndege ili m'mwamba: kodi vuto ndi thovu la m'thanki?

Chiwuluka46:
Moni nonse. Ndili ndi kandege koyendetsa ndi rimoti komwe kali ndi injini ya O.S. 46AX komanso thanki ya Du-Bro yolowa mamililita pafupifupi 300. Pansi injiniyi imalira bwino, koma ndege ikauluka mphindi zingapo, makamaka mafuta akafika theka, imayamba kulira mosasa kenako n'kuzima. Loweruka lapitali ndinaiteretsa m'udzu itazima, ndipo nsonga ya phiko inathyoka. Nditaliza injini pansi nditagwira ndegeyo, ndinaona timathovu tikuyenda m'paipi yopita ku kabyuleta. Thankiyo ndinaipanikiza zolimba ndi zidutswa za polystyrene yoyera ya m'makatoni kuti isasunthe. Kodi ndalakwitsa pati?

Bambo_Mapiko:
Pepani ndi phikolo, achimwene. Ndikuona kuti vuto lili pa kupanikiza komweko. Injini yotereyi imazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi imodzi, ndipo kunjenjemera kwake kumayenda m'matabwa onse a ndege. Thanki ikatsamira chinthu cholimba, kunjenjemerako kumalowa m'mafuta, ndipo mafutawo, poti ndi methanol wosakaniza ndi oyilo, amachita thovu ngati sopo. Injini ikayamwa thovu m'malo mwa mafuta, imalandira mpweya wochuluka, imatentha, kenako imazima. Polystyrene amaoneka wofewa m'manja, koma pa ntchito imeneyi sasiyana ndi thabwa.

Chotsani zonsezo ndipo mukulunge thanki ndi siponji yofewa ya latex, yokhuthala mamilimita 6 mpaka 12, pansi, m'mbali, pamwamba ndi kutsogolo komwe. Chimene ambiri amalakwitsa n'chakuti amaikanikizira siponjiyo mpaka kuphwatalala, ndipo ikatero yasiya kugwira ntchito. Ine ndimayesa ndi chala: ndikakankha thanki, iyenera kusuntha pang'ono n'kubwerera pamalo pake, osakhudza thabwa paliponse. Ngati malo ndi ochepa, ndi bwino kugula thanki yocheperako kusiyana ndi kuchepetsa siponji. Siponji ya matiresi musaigwiritse ntchito, chifukwa mafuta akadontha imawamwa n'kunyowetsa matabwa opepuka a balsa opangira ndegezi mwakachetechete. Pa chifukwa chomwecho, pakani guluu wa epoxy wosungunula m'chipinda chonse cha thanki musanaibwezere.

MaiNdege:
Ndikugwirizana ndi Bambo_Mapiko, koma muonenso kumene kunjenjemerako kukuchokera. Pulopela yolemera mbali imodzi imagwedeza ndege kwambiri moti ngakhale siponji yabwino imalephera. Iikeni pa kachipangizo koyezera, ndipo mbali imene ikugwa muipale pang'onopang'ono ndi sandipepala mpaka ziwirizo zifanane. Ineyo ndinavutika miyezi iwiri chifukwa cha timapaipi tamkuwa totuluka pa chitsekero cha thanki, tomwe tinkakhudza thabwa lomangirapo injini. Thanki yonse inali m'siponji, koma kunjenjemera kunkalowera pa timapaipi timeneti. Nditakulitsa mabowo kuti padutse paipi ya silicone yokha, thovu linatheratu.

Katswiri_wa_Glow:
Ndisiyane nanu pang'ono. Timathovu ta m'paipi sitichokera ku kunjenjemera nthawi zonse, ndipo mawu akuti vuto limayamba mafuta akafika theka akundikayikitsa. Paipi ya m'kati mwa thanki, yomwe kumapeto kwake kuli kachitsulo kolemera kotchedwa clunk, ikang'ambika pamene yalumikizana ndi paipi yamkuwa, injini imayenda bwino malinga ngati mng'aluwo wamira m'mafuta, koma mafuta akatsika imayamba kuyamwa mpweya. Komanso ndege ikatera mwamphamvu, kachitsuloko kamatha kupindikira kutsogolo n'kukakamira komweko. Tulutsani thanki, muigwedeze kuti mumve ngati kakugogoda momasuka, ndipo muonetsetse kuti sikakukhudza khoma lakumbuyo. Mukatero mutseke mapaipi enawo, muuzire mpweya pa imodzi thanki ili m'madzi, muone ngati patuluke thovu.

Chiwuluka46:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatulutsa thanki madzulo ano ndipo sikudontha, paipi ya m'kati ndi yabwinobwino, koma pangodya ina pali chizindikiro chopekesana ndi thabwa, ndipo pulopela ikugwa mbali imodzi. Ndaitanitsa siponji ya latex, ndipo guluu wa phiko akauma ndidzayamba ndaliza injini pansi thanki ili theka, ndikuyang'ana paipi ija, ndisanayerekeze kuulutsanso.