Gulu la banja: kugombe tikachitako chiyani?

Achemwali aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Loji ya kunyanja yamchere ija yavomera, zipinda zinayi, kufika Lachisanu, kuchoka Lolemba. Tsono tigwirizane zokachita, tisakangogona ngati odwala. Ine ndalemba chonchi: Loweruka 9 koloko m'mawa ana akaone nkhanu m'matanthwe, masana tikwere boti. Lamulungu tipite kunsanja ya nyali yowongolera sitima ija.

Mlamu: Tadzuka alamu. Mwakonza bwino, koma tsiku Loweruka litembenuzeni. Ndaona tchati cha madzi a kumeneko. 9 koloko nyanja idzakhala yodzadza, matanthwe onsewo ali pansi pa madzi. Anawo akangoona thovu basi.

Amalume: Tchati cha madzi ndiye chiyaninso? Nyanja nayo ili ndi nthawi zake ngati basi?

Mlamu: Ili nazo amalume, ndipo siphonya. Nyanja yamchere imadzadza n'kuphwera chifukwa mwezi umakoka madzi, dzuwa nalo limathandizako. M'magombe ambiri imadzadza kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi 25. Ndiye ikadzadza 9 koloko m'mawa, imakhala itaphweratu cha m'ma 3 koloko masana. Mawa lake zonse zimachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50.

Achemwali aakulu: Ndiye kuti boti m'mawa, matanthwe masana?

Mlamu: Eya. Tidzatsikire kumatanthweko cha m'ma 2, madzi akadali kupita, tidzabwereko asanayambe kubwerera. Komanso tili ndi mwayi, mwezi udzakhala wathunthu sabata imeneyo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, madzi amaphwera kutali kwambiri, timaiwe tonse ta m'miyala timaonekera. Koma pobwera amakweranso kwambiri.

Azakhali: Zimenezo mumvere ana inu. Ine ulendo wanga woyamba ndinavula nsapato, n'kuika pamchenga wouma gwa, pamwamba n'kusanjikapo chikwama. Ndinangoti ndiyende pang'ono nditole zigoba. Ndili wowerama choncho, kutola ichi, kutaya icho, sindinaone kuti madzi andizungulira kumbuyo. Amabwera mwakachetechete, kudzera m'malo otsika. Ndinawoloka atafika m'mawondo, nsalu yonse chonyowa. Nsapato imodzi ndinaipeza ikuyandama, inayo mpaka lero. Foni inali m'chikwamamo sinayakenso.

Mzime: 😂😂 azakhali munabwerera ndi nsapato imodzi?

Azakhali: Seka mwana iwe, tidzakuona.

Mzime: Pepani azakhali. Koma ine za nkhanu ayi, ndikufuna kusambira. Ndimatha bwino.

Mlamu: Mumatha m'dziwe achimwene. Kumeneko kuli madzi ena othamanga ochokera kugombe kulowera pakati. Choopsa chake n'chakuti malowo amaoneka ofatsa, mafunde sasweka, madzi amangooneka akuda pang'ono, munthu n'kumati apa ndiye pabwino. Akakukokani musalimbane nawo kuti mubwerere molunjika, mutopa. Yandamani, kwezani dzanja, kapena sambirani chammbali motsatira gombe mpaka mutulukemo. Ndipo gombe lakumudzi ngati limeneli nthawi zambiri silikhala ndi opulumutsa anthu.

Achemwali aakulu: Wamva iwe? Palibe wolowa m'madzi yekha. Tikafika tifunse a paloji malo amene iwo amasambira.

Mzime: Ndamva achemwali.

Agogo (akulemba ndi mdzukulu): Agogo akuti iwo boti sakwera, ndipo nsanjayo ili ndi masitepe angati? Akuti mawondo awo si a chaka chino.

Achemwali aakulu: Uwauze kuti sitiwakweza. Adzakhala pansi pamthunzi, nyanja ikuonekabe bwinobwino. Ndiwatengera mpando wopinda uja.

Agogo (akulemba ndi mdzukulu): Akuti chimene akufuna n'kuona dzuwa likutuluka ali pamchenga, ndi kulawa madziwo ngati alidi amchere. Akuti wina adzawadzutse.

Amalume: Amayi ndidzakudzutsani ndine, ndimadzuka ndi nkhuku. Koma mungolawa ndi chala, musamwe.

Mlamu: Zoona amalume, lita imodzi muli mchere wokwana magalamu 35 kapena kuyandikira pamenepo. Ana akameza ambiri amasanza.

Azakhali: Za anazo ndionjezeko. Asapite kumatanthwe opanda nsapato. Miyala yobiriwira ija imaterera ngati sopo, ndipo m'ming'alu mumakhala tinyama taminga, minga yake imathyokera m'phazi. Akatembenuza mwala kuti aone nkhanu, aubwezeretse mmene unalili, pansi pake pamakhala zamoyo. Chinthu chofewa chooneka ngati pulasitiki chikakhala pamchenga asachigwire, chimawotcha ngakhale chitafa.

Achemwali aakulu: Ndalemba. Zipewa, nsapato zakale, mafuta oteteza kudzuwa. Za boti ndafunsa kale, ndanena kuti opanda jekete zoyandamitsa zokwanira tonse, ndi za ana zomwe, sitikwera.

Amalume: Ine boti limandizunguza mutu. Ndidzatsala ndi amayi, ndiponye mbedza m'mphepetemo.

Mlamu: Mukafuna kuyesa amalume, mudzakhale pakati pa boti, maso kutali kumene madzi akumana ndi thambo, osayang'ana foni. Zimachepa.

Amalume: Tidzaona tsiku lomwelo mkamwini.

Mzime: Netiweki iliko? Ndili ndi mpira woti ndionere Loweruka madzulo.

Achemwali aakulu: Akuti imagwira pachitunda cha kuseri kwa loji, m'zipinda mulibe. Ndiye alamu tchati chija mujambuliretu, mutitumizire pano tisananyamuke.

Mlamu: Ndatumiza. Lamulungu madzi aphwera cha m'ma 4 koloko, ndiye kunsanja tingathe kubwerera cha m'mchenga m'malo mwa msewu.

Azakhali: Ine ndidzera kumsewu.

Agogo (akulemba ndi mdzukulu): Akufunsa kuti mpando wopindawo ndi uja wothyoka mwendo kapena wina?