Kodi kalumo ka mlendo kamangometa, kapena kamachekanso?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa mwambi uja wakuti "mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa". Ambiri timaumva ngati woyamikira mlendo, popeza iye amatha kuthetsa vuto limene lawakanika eni mudzi, koma mbiri ya sitima za nthunzi zimene zinkanyamula katundu pa malonda a zikopa kumpoto kwa Canada yandikayikitsa ngati tanthauzo lake limathera pamenepo.

Sitima zisanabwere, kampani ya Hudson's Bay inkadalira mabwato amatabwa otchedwa York, amene ankapalasidwa ndi amuna ambiri a mtundu wa Métis (mbadwa za azungu ndi eni nthaka a ku Canada), ndipo akafika pa mathithi ankatsitsa mitolo yolemera pafupifupi makilogalamu 40 umodzi, n'kuisenza kumsana mpaka pamene madzi adekha. Pa njira yapamtunda yotchedwa Portage La Loche ankayenda nayo makilomita 19. Kenaka mu 1874 sitima ya Northcote inayamba kuyenda mumtsinje wa Saskatchewan, mu 1883 Grahame inayamba ntchito kuchokera ku Fort Chipewyan, ndipo mu 1886 Wrigley inalowa mumtsinje wa Mackenzie. Katundu anayamba kudzera njira ina, ya La Loche inazirala, ndipo amuna amene ankadyera nkhafi anasowa pogwira. Kodi makolo ponena za kalumo ankaganizanso za bala limene kamasiya?

Yankho: Bambo, musausenzetse mwambiwu katundu amene si wake. Kalumo kanali kometera ndi kotemera mphini, ndipo kobuntha ndiko kamazunza munthu, choncho kuthwako n'kuyamikira basi. Komanso mlendo wanuyo sanayende yekha. Sitimazo zinkadya nkhuni zambiri zedi, moti anthu a m'mbali mwa mitsinje ankazidula n'kuziunjika m'magombe, ndipo mu Saskatchewan, momwe milu ya mchenga imasuntha chaka ndi chaka, woyendetsa ankadalira munthu wodziwa kuwerenga madzi. Mathithi a mumtsinje wa Slave, kufupi ndi Fort Smith, sitima sinkawadutsa, katundu ankapita pa ngolo, ndipo nyengo yozizira ikafika mitsinje yonse inkaundana. Nkhani yanu ikuyenera mwambi wakuti "walira mvula walira matope".

Wofunsa: Zikomo kwambiri, pa za kalumo ndagonja, koma mwambi wachiwiriwo sukundikhutiritsa. Umanena za munthu mmodzi amene wapempha chinthu n'kulandiranso zowawa zake, pamene apa olira mvula anali eni kampani ku London, amene ankafuna kuchepetsa ndalama zonyamulira katundu, koma oponda matope anali opalasa mabwato amene sanapemphe kanthu. Kodi ulipo mwambi wakale wonena za phindu lopita kwa wina, mavuto n'kutsalira mnzake?