Mota ikundipweteketsa msana, mashoko ndiwatani?

Membala wosatchula dzina: Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni. Ndinagula mota (njinga yamoto) yakale mu Epulo ndi ndalama ya mbatatesi. Njira yanga ndi ya Ulongwe kupita ku Tsangano, kawiri pa sabata. Ndikangoponda dzenje, kumbuyo kumamveka "gu!" ngati chitsulo chagunda chinzake, ululu kuchoka m'chiuno mpaka m'khosi. Mayi akunyumba atopa n'kundithowa ndi madzi otentha. Chinanso, mlamu wanga amaibwereka osathira mafuta, sabata yatha wabwera nayo galasi limodzi losweka, ndikamufunsa akuti ndayamba matama. Makaniki wina anandidyera 500 meticais akuti wakonza, palibe chasintha. Ndamva kuti mashoko, zitsulo za masipulingi za ku tayala lakumbuyo zochepetsa kugunda, amamangidwa kapena kumasulidwa. Ine ndimange kapena ndimasule? Ndikuopa kuwononga, yogulira ena ndilibe, feteleza sindinagule.

Wakabaza wa ku Domwe: MANGANI MPAKA KUMAPETO! Zaka zonse ndakhala pa mota ine sindinamasulepo shoko. Mota ya ku Angonia kuno ndi bulu, siyokwera popita ku ukwati.

Mayi wa tomato: Achimwene, vuto ndi mlamuyo. Wanga anabwereka njinga ya bambo a kwathu, anakaipinyolitsa ku Calomue. Bisani kiyi.

Makaniki wa pamsika: Bambo, simunanene chofunika. Inuyo mumalemera makilo angati, ndipo mumanyamula chiyani kumbuyoko? Popanda zimenezi tikungoombeza.

Wakabaza wa ku Domwe: Kulemera kwake kukukhudzani bwanji? Amakaniki inu ndi amene mwamudyera 500 ija. Mangani basi, achimwene.

Makaniki wa pamsika: Akulu, munthu wa makilo 55 ali yekha mukammangira mpaka kumapeto, mota imakwera m'mwamba, tayala lakumbuyo limangodumphadumpha pa msewu wa malata uja, pokhota n'kumutaya. Inu mumakweza anthu awiri ndi thumba, n'chifukwa chake zimakuyenderani.

Mnyamata wa ku Zobwe: Kkkkk mwina msanawo ndi ukalamba, mota ilibe mlandu.

Wakabaza wa ku Domwe: Anthu awiri? ATATU! Ndi mbuzi pa thanki. Sindinagwepo, kupatula tsiku limodzi la mvula ndipo linali vuto la galu.

Agogo a Fatima: Mukunyadira zimenezo? Mwana wa mchemwali wanga anathyoka mwendo chifukwa cha kabaza wodzaza chonchi, miyezi itatu ali chigonere. Chipewa chomwe mulibe. Manyazi akugwireni.

Makaniki wa pamsika: Mwini funso, mverani kuno. Imikani mota pa sitandi yapakati. Yang'anani kunsi kwa sipulingi, mupeza mphete yokhala ndi timasitepe, pa mota zambiri zing'onozing'onozi timakhala tisanu. Imazunguliridwa ndi sipanala yokhota ngati chikwakwa, nthawi zina imakhala m'kathumba ka zida kamene kamabwera ndi mota. Sitepe yoyamba ndi ya munthu wopepuka ali yekha, yachisanu ndi ya katundu wolemera. Poti yanu ikugunda pansi, kwezani sitepe imodzi, yendani, mumve. Koma mbali ZONSE ziwiri zikhale pa sitepe yofanana.

Mphunzitsi wa ku Furancungo: Ndionjezeko. Tengani tepi, muyeze kuchoka pa nati ya tayala lakumbuyo kufika pa kaliyala tayala lili m'malere. Kenako tsitsani mota, mukhalepo ndi katundu wanu wa masiku onse, wina ayezenso. Iyenera kutsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse wa shoko (utali umene imatha kupanikizika), pa timota iti ndi cha m'ma sentimita 3. Ikatsika kwambiri, mangani.

Wakabaza wa ku Domwe: Aphunzitsi, tepi ndi ya atelala. Ife timayeza ndi matako.

Mayi wa tomato: Ndipo galasilo alipire mlamuyo, musamusekerere.

Makaniki wa pamsika: China, gwirani kandodo konyezimira ka m'kati mwa sipulingi. Mukapeza mafuta ndi fumbi lomatirira, shoko yatha, mphete ija siingathandize. Kanikizani mpando mwamphamvu n'kuusiya. Ukabwerera kamodzi n'kuima, zili bwino. Ukamanjanja, mafuta anatuluka kalekale, pakufunika zatsopano, ziwiri zonse.

Wakabaza wa ku Domwe: Mwamva? Akufuna akugulitseni mashoko. Ine yanga ndinaikamo timapaipi todula kuti sipulingi ilimbe, chaka chachitatu chino.

Makaniki wa pamsika: Musayerekeze. Mukapanikiza mopyola, sipulingi imagundana yokha shoko isanamalize ulendo wake, mphamvu yonse n'kupita ku mabawuti ndi felemu. Ndawotcherapo zambiri zothyoka choncho.

Mnyamata wa ku Zobwe: Mpweya wa m'matayala mwauona? Ena amapopa mpaka tayala kulira ngati ng'oma.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Mphete ija ndaipeza, kumanzere ili pa sitepe yachiwiri, kumanja yachinayi. Ndikukayikira mlamu yemweyo, chifukwa Lachisanu anapita nayo ku maliro osandiuza. Mayi wa tomato, kiyi ndabisa.

Makaniki wa pamsika: Zifananitseni kaye, zonse pa yachitatu. Koma bambo, makilo anu ndi katundu wanu simunatiuzebe.