Kukaona mabwinja a ku Lebanon kuchokera ku Chipata

WakuKapata: Akuluakulu, amayi anga akufuna kukaona mizinda yakale ya ku Lebanon, ulendo wawofuwofu, wamasiku 6. Tiyambire pati?

Nyamazani: Yambirani pa pasipoti, bambo. Ikakhala ndi chidindo cha Israel akubwezani pa bwalo la ndege ku Beirut, likulu la Lebanon. Visa itengeni tiketi musanagule. Mukafika ku Lusaka, kwerani Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa.

MaiAPhiri: Muzigona ku Beirut, muchite hayala galimoto ndi dalaivala wake. Byblos, mzinda wakale wa m'mbali mwa nyanja, ili pafupi, makilomita ngati 40, ndipo yangokwanira tsiku loyamba. Koma Baalbek ipatseni tsiku lathunthu. Kumeneko kuli akachisi a milungu ya Aroma. Zipilala 6 zotsala za kachisi wa Jupiter n'zazitali pafupifupi mamita 20, ndipo kachisi wa Bacchus akadali chilili, zosema zake zikuoneka bwinobwino pakhomo. Fikani m'mawa, masana miyala imatentha. Makwerero ndi ambiri, amayiwo avale nsapato zogwira pansi.

Nyamazani: Tengani madola m'manja, chifukwa kuyambira 2019 mabanki akumeneko sali bwino. Nkhondo ya 2024 inakhudza Baalbek ndi Tyre, mzinda wina wakale wa kum'mwera, choncho inshuwalansi muiwerenge bwino. Zambiri sizilipira ngozi za nkhondo.